Setifiketi ya bizinesi yomwe mwapachika pakhomayo sikuteteza dzina la katundu wanu

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa kampata mu nyuzipepala yathu ino. Ine ndine mayi wa ku Mchinji, geni yanga ndi yopanga chiponde cha m'mabotolo, ndipo ndalemba kalatayi chifukwa zomwe zandichitikira zandipweteka kwambiri moti sindikufuna mnzanga wina wageni adzadutsemo ngati momwe ndadutsiramo ine.

Geniyi ndinayamba ndi mtondo ndi munsi kuseri kwa nyumba, kugulitsa m'timakontena kwa aphunzitsi ndi manesi apafupi, kenako nditasunga ku banki m'khonde ndinagula kamakina kogayira. Mtedza ndimagula kwa alimi a konkuno, kwambiri wa mtundu wa CG7 chifukwa uli ndi mafuta, ndipo amene amapanga chiponde akudziwa kuti ntchito yeniyeni sili pogaya koma posankha, kukhala pa mphasa tsiku lonse ndi lichero kuchotsa mtedza wa chuku, wonyala, wobooka, chifukwa chuku ndi poizoni ndipo zinthuzi amadya ndi ana m'phala. Dzina lomwe ndinaika pa botolo ndi la malemu agogo anga aakazi, iwowo ndi amene anandiphunzitsa kukazinga mtedza pa moto wochepa osaupsereza. Lebulo inali yachikasu ndi kachithunzi ka mtondo pakati, anandijambulira pa kompyuta mwana wa achemwali anga. Pang'onopang'ono anthu anazolowera, m'magolosale a pa boma, ku Kamwendo, mpaka Lilongwe ndinayamba kutumiza makatoni, ena amatenga kukagulitsa ku Chipata. Munthu akalowa mu shopu samati ndipatseni chiponde, amatchula dzina la agogo anga basi.

Nde tsiku lina mayi wina amene amandigula kuyambira kale anandiimbira foni atakwiya, akuti mayi mwayamba kutani, chiponde chanu chikuwawa, mafuta ayandama pamwamba pansi pauma gwa, komanso mukumveka ngati mchenga. Ndinadabwa chifukwa sindinasinthe kalikonse. Nditapita ku golosale komwe anagula ndinapeza mabotolo ali ndii pa shelefu, lebulo yachikasu yomweyo, mtondo womwewo, dzina lomwelo kungosintha chilembo chimodzi chakumapeto, moti ineyo mwini wake ndinachita kunyamula botolo kuliyandikiza kumaso kuti ndione kusiyana. Nanga mayi amene akugula mwachangu mwana ali kumbuyo angaone bwanji? Miyendo inandizizira pomwepo a Mkonzi. Dzina la agogo anga lili pa chinthu chowawa chomwe sindikudziwa kuti anapangira pati, ndi mtedza wotani.

Ndinafufuza mpaka ndinamupeza amene amapanga. Sindimutchula, si cholinga cha kalatayi. Ndinamulankhula mwaulemu kuti bambo dzinali ndi langa, ndalivutikira zaka, iye anangondifunsa funso limodzi kuti muli ndi pepala? Ine ndi mphamvu zonse ndinatulutsa setifiketi yanga yolembetsera bizinesi, ija timapachika pakhoma mu fulemu, ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti nkhani yathera pompo. Anaiyang'ana nkundibwezera osasintha nkhope.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Loya amene ndinakamuona ku Lilongwe anandikhazika pansi nkundifotokozera kuti setifiketi ya bizinesi imangosonyeza kuti boma likudziwa kuti mukuchita malonda pansi pa dzina lakutilakuti, imakuthandizani kutsegula akaunti ku banki, kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, kupikisana nawo pa ma tenda, koma sikupatsani umwini wa dzina kapena chizindikiro chomwe mwamata pa katundu. Umwini umenewo umabwera ndi pepala lina, la trademark, ndipo ngakhale onse awiri amachokera ku ofesi imodzi ya boma ya kaundula, ndi mabuku awiri osiyana, malamulonso ndi osiyana. Chidindo cha Malawi Bureau of Standards nachonso ndi nkhani ina, chija chimanena za ubwino wa katundu kuti wayezedwa, sichinena kuti dzina ndi la ndani. Layisensi ya ku khonsolo ndi ya malo ochitira geni. Ena amati tinapita ku COSOMA, koma kumeneko ndi kwa oimba, olemba ndi ojambula, mwina kachithunzi ka pa lebulo kangatetezeke mbali imeneyo koma dzina la malonda ayi. Ine mapepala ndinali nawo ambiri ndithu mu envelopu, koma lofunika pa tsiku limenelo ndinalibe.

Ndafunsa anzanga ambiri chichitikireni izi, opanga sopo, ogulitsa uchi, osoka mayunifomu, wina ali ndi saluni, wina amapanga juwisi wa malambe, pafupifupi onse amaganiza ngati momwe ndimaganizira ine, kuti ukalembetsa bizinesi basi dzina ndi lako mpaka kale. Palibe anatiuzapo. M'maphunziro a zageni omwe mabungwe amatiitanira amatiphunzitsa kulemba mabuku a ndalama, kuwerengera phindu, kupanga lebulo yokongola, kutsatsa pa Facebook ndi WhatsApp, zonsezo nzabwino, koma amatiphunzitsa kumanga khola lokongola osatiuza za chitseko.

Chomwe chimandiwawa nchoti lamulo lilipo ndipo ndi labwino. Dziko lino lili ndi Trademarks Act ya 2018 yomwe inalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1957, la nthawi ya chitaganya. Lamulo latsopanoli linatsegula khomo kwa anthu omwe sagulitsa katundu wogwirika koma ntchito, monga a saluni, malo ogona alendo, malesitilanti, masukulu, a mabasi, kuti nawonso azitha kulembetsa mayina ndi zizindikiro zawo. Ukalembetsa chitetezo chimakhala cha zaka 10, zikatha umakawonjezera zina 10, choncho choncho bola usaiwale kuwonjezera komanso uzichigwiritsadi ntchito chizindikirocho, chifukwa ukangochisunga mu kabati zaka nkumapita wina atha kupempha kuti chifufutidwe. Zaka 10 abale, pa pepala limodzi. Tikawerengera ndalama zomwe timamwaza pa ma sitika, zikwangwani, ma tisheti ndi mauthenga a pa wailesi kukweza dzina lomwe pa lamulo silathu, munthu umagwira mutu.

Ndondomeko yake momwe ndaidutsira ine ili chonchi. Poyamba umapempha kuti afufuze m'kaundula ngati dzinalo kapena lofanana nalo linatengedwa kale, ndipo apa ndikupempha aliyense amene akufuna kuyamba geni kuti achite zimenezi asanasindikize sitika ngakhale imodzi, chifukwa utha kupezeka kuti iweyo ndi amene ukuponda pa dzina la mwini wake osadziwa. Kenako umadzaza fomu, kuika chithunzi cha chizindikiro chako, ndi kunena gulu la katundu. Magulu alipo 45 ndipo ndi omwewo m'maiko ambiri, 34 a katundu ndi 11 a ntchito. Chiponde, mafuta ophikira ndi za mkaka zili mu gulu 29, mpunga, tiyi, khofi, uchi, buledi ndi tsabola wa m'botolo zili mu 30, zakumwa ngati juwisi mu 32, sopo ndi zodzola mu 3, zovala mu 25, malo odyera ndi ogona mu 43. Izi nzofunika kuzimvetsa chifukwa chitetezo chimatsata gulu lomwe walembetsa, nde ngati lero ukupanga chiponde koma maloto ako ndi kudzayamba kupakira uchi ndi dzina lomwelo, ganiziratu za magulu awiri ngakhale ndalama yake ikwere. Akaunika fomu amalengeza poyera kuti ngati pali wotsutsa atsutse, pakapanda wotsutsa ndi pamene setifiketi imatuluka. Kachilembo ka R kozunguliridwa kaja kamaikidwa setifiketi ikatuluka, osati kungokakopera pa intaneti chifukwa kakuoneka bwino pa lebulo monga ena akuchitira, kumeneko ndi kunamiza anthu.

Chinanso chomwe sindimadziwa nchoti si dzina lililonse lomwe angakulembere. Ukatcha katundu wako Chiponde Chokoma kapena Uchi Weniweni sangakupatse umwini, chifukwa mawu amenewo ndi a tonse, aliyense wopanga chiponde ali ndi ufulu wonena kuti chake nchokoma. Dzina lamphamvu ndi lija losafotokoza katundu koma lomusiyanitsa ndi wa ena. Taonani Nali, mawuwo paokha sanena za tsabola, koma Mmalawi aliyense kaya ali ku Johannesburg kaya ku Leeds akangomva Nali malovu amadzadza mkamwa, ndipo aja mawu oti Abale Samalani pa botolo timawadziwa tonse. Sobo chimodzimodzi, mpaka ana amatcha chakumwa chilichonse chosungunula ndi madzi kuti sobo. Chuma cha makampani amenewa sichili m'mashini mokha, chili m'dzina. Ine mwamwayi dzina la agogo silifotokoza chiponde nde linali loyenera, ndipo atafufuza anapeza kuti palibe analilembetsa, ngakhale bambo uja. Usiku umenewo ndinagona tulo koyamba patapita masabata, chifukwa akanakhala kuti ananditsogolera ku kaundula bwenzi ineyo ndi amene ndikulandira kalata yondiletsa kugwiritsa ntchito dzina la agogo anga omwe.

Wina afunsa kuti nanga amene sanalembetse alibiretu pogwira? Loya anati njira ilipo, pa chizungu amati passing off, kutanthauza kusumira munthu amene akugulitsa katundu wake ponamizira kuti ndi wako. Koma kumeneko umboni wonse uli pa iwe, usonyeze khoti kuti dzina lako ndi lodziwika kwa ogula, kuti anthu akusokonezekadi, komanso kuti waluza, nde ubweretse malisiti a zaka, mabuku, mboni, kulipira loya maulendo a ku High Court mbali ya zamalonda, mlandu nkumayenda miyezi kaya zaka. Mayi wa chiponde ngati ine ndingathe? Mpamba wonse ungathere pa thiransipoti. Pamene ukakhala ndi setifiketi ya trademark umangoiika pa tebulo, nthawi zambiri kalata imodzi ya loya imakwanira munthu nkusiya.

Musaganize kuti izi zimagwera ife ang'onoang'ono tokha. Kampani ya Burger King ya ku America itafuna kulowa mu Australia inapeza dzinalo linalembetsedwa kale ndi kashopu ka zakudya ka mu mzinda wa Adelaide, moti mu 1971 anatsegula ndi dzina lina loti Hungry Jack's ndipo mpaka lero ku Australia amadziwika ndi dzina limenelo. Kashopu kamodzi kanaimitsa chimphona chifukwa kanafika msanga ku kaundula. Ku South Africa kuli tiyi wa rooibos amene amamera ku mapiri a Cederberg, anthu akumeneko amwa kuyambira makolo, koma mawu oti rooibos anakalembetsedwa ku America mu 1994 ngati trademark, kenako kampani ina ya ku Texas yotchedwa Burke International inayamba kuopseza ogulitsa ena kuti asagwiritse ntchito dzinalo. Panatenga kulimbana kodula mpaka 2005 kuti dzinalo limasuke, ndipo mu 2021 European Union inavomereza kuti rooibos ndi wa ku dera lake lokha la ku South Africa. Ethiopia nayo inaona kuti khofi wake wa Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe akugulitsidwa modula kunja pamene mlimi akulandira nyenyeswa, boma lawo linayamba kulembetsa mayinawo mu 2005, linakokanakokana ndi Starbucks mpaka anagwirizana mu 2007.

Ndikamaganiza za Ethiopia mtima wanga umathamangira ku Karonga. Mpunga wa Kilombero tonse timaudziwa fungo lake, ukaphikidwa nyumba yachitatu amadziwa, koma pitani mu msika uliwonse muone, beseni lililonse wogulitsa akuti Kilombero weniweni mayi, ukafika kunyumba kuphika fungo kulibe, anasakaniza ndi mpunga wina. Amene akuluza ndi mlimi wa ku Karonga amene wasamala mbewu yake, chifukwa wogula akapusitsidwa kawiri katatu amasiya kukhulupirira dzinalo ndipo safunanso kulipira mtengo wake. Lamulo la 2018 lija limalola magulu monga makopaletivi kulembetsa chizindikiro cha gulu, limalolanso kuteteza dzina la katundu potengera dera lomwe amachokera. Komanso tisaiwale kuti ku Tanzania kuli chigwa chotchedwa Kilombero komwe amalimanso mpunga, nde nkhani ya dzina limeneli pa msika wa kunja ikufunika anthu akhale pansi msanga. Chimodzimodzi khofi wa ku Misuku ndi mapiri a kumpoto, tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, tsabola wa kambuzi, chambo cha m'nyanja yathu. Izi ndi chuma cha dziko ndipo mlimi payekha sangazithe, zikufunika boma ndi mabungwe a alimi atsogole.

Ndipo kubera dzina sikupweteka wageni yekha. Ife kuno kumudzi chaka chilichonse timamva za mbewu yabodza, munthu watenga chimanga cha m'nkhokwe wapaka utoto waika m'paketi yofanana ndi ya kampani yodziwika, mlimi wagula ndi ndalama yake yomaliza, wabzala, wathira feteleza wodula, kumera kwake kwa apa ndi apo, banja lonse njala chaka chimenecho. Mlimi uja anakhulupirira dzina la pa paketi. Chiponde chabodza chija nachonso mayi anagulira mwana wake pokhulupirira dzina la agogo anga, ndipo ngati munali chuku ndani akanayankha?

Kwa anzanga a m'malire ngati ife a ku Mchinji, Dedza, Mwanza, Mulanje ndi Karonga pali chinthu china choti tidziwe. Setifiketi ya ku Malawi imathera pa boda. Ukawoloka Mwami kulowa Chipata ulibenso chitetezo pokhapokha utalembetsanso ku Zambia, ofesi yake kumeneko ndi PACRA. Ku South Africa komwe abale athu ambiri amatumizako katundu pa mabasi ofesi yake ndi CIPC. Pali njira zina zophatikiza, Malawi ali mu bungwe la ARIPO lomwe likulu lake lili ku Harare, ndipo kudzera mu pangano la Banjul fomu imodzi itha kufikira maiko ngati Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, komanso kuyambira kumapeto kwa 2018 dziko lino lili mu pangano la Madrid lomwe limafikira maiko oposa 100. Ine panopa mphamvu zanga zakwana pa Malawi pokha, koma Zambia ili m'maganizo chifukwa makatoni anga amapita kumeneko mwezi ndi mwezi.

Tsono pempho langa kwa akuluakulu a ku ofesi yolembetsa mabizinesi ndi ma trademark ndi unduna wa zamalonda ndi ili. Munthu akabwera kudzalembetsa bizinesi muuzeni pomwepo, pakamwa komanso pa kapepala ka Chichewa ndi Chitumbuka, kuti setifiketi iyi siteteza dzina la katundu wanu, mukafuna chitetezo khomo lake ndi ili, mtengo wake ndi uwu. Chiganizo chimodzi chokha chikanandipulumutsa ine. Mafomu ndi malangizo amasuliridwe m'zilankhulo zathu, chifukwa chizungu cha malamulo ngakhale amene tinafika folomu 4 chimatizunguza mutu. Maofesi a zamalonda m'makhonsolo akhale ndi munthu woti atha kukuthandiza kudzaza fomu, osati nkhani iliyonse mpaka ukwere basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe, kusiya geni masiku awiri, kulipira malo ogona. Kaundula wa mayina olembetsedwa akhale woti munthu atha kufufuza pa foni mosavuta. Ndipo ganizirani mtengo wapadera kwa ageni ang'onoang'ono ndi makopaletivi, popeza mukutilimbikitsa tsiku ndi tsiku kuti tiziwonjezera phindu pa zokolola, tizipanga katundu wolowa m'masupamaketi ndi wotumiza kunja, ndiye katundu ameneyo apita ndi dzina la ndani ngati aliyense atha kulitola? A bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission nawonso aziyendera mashelefu, chifukwa lebulo yokopera ndi kupusitsa ogula. Eni magolosale inunso mumadziwa bwino amene anayamba ndi amene wakopera, musamalandire katundu wotere chifukwa choti wakupatsani pa mtengo wotsika.

Inunso a nyuzipepala ndi a wailesi tithandizeni. Itanani maloya ndi akuluakulu a ku kaundula adzafotokoze m'Chichewa chomveka, anthu aziimba mafoni kufunsa. Masamba a zamalonda asamangokhala a mitengo ya fodya ndi kukwera kwa dola.

Kwa bambo amene munatenga dzina la agogo anga, ngati mukuwerenga, makina muli nawo, manja muli nawo, msika wa chiponde ndi waukulu sungathere ine ndekha. Pezani dzina lanu, sankhani mtedza bwino, anthu adzakukondani ndi dzina lanulo. Ine sindikufuna kuti mutseke geni, muli ndi ana ngati ine, ndikungofuna muchotse lebulo imene ija.

Panopa fomu yanga inalowa, lisiti ndasunga mu Baibulo, ndikudikira nthawi yolengeza ithe. Makasitomala ena omwe anathawa ndawayendera mmodzimmodzi ndi kabotolo koti alawe, ena abwerera ena sanabwerere. Pa chivindikiro ndayamba kumata kapepala kosindikiza nambala ya batchi ndi tsiku lopangira kuti anthu azisiyanitsa, ndipo mayi uja anandiimbira foni atakwiya ndi amene akumauza anzake ku tchalitchi kuti aziyang'ana kapepalako asanagule. Setifiketi ikadzatuluka a Mkonzi ndidzakulemberaninso kuti ndiwauze anzanga masiku omwe zatenga ndi ndalama zonse zomwe ndawononga kuyambira pa kufufuza mpaka kumapeto.

Mayi wopanga chiponde,
Mchinji